Amalume a M'bulangete

Mwana wanga wamwamuna anakwatira Mkatalani. Pa ukwati wawo ndinauza alendo ena kuti mpongozi wanga ndi Msipanishi, ndipo mtsikanayo anandikokera pambali, ali m'diresi lake loyera lomwelo, n'kundiuza mwaulemu kuti pasipoti yake ndi ya ku Spain, inde, koma iye ndi Mkatalani, chilankhulo chake ndi Chikatalani, kwawo ndi kumudzi wina wa m'mapiri kumtunda kwa Barcelona. Mumtima ndinati uyu ndiye tamupeza, tsiku la ukwati lomwe wayamba kale kuwongola apongozi. Koma ndinamukondera pomwepo. Ine munthu wonena maganizo ake pamaso sandivuta. Amandivuta ndi uja amaseka nawe kenako n'kukakudya miseche m'galimoto pobwerera.

Iwo ankakhala ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, ine ku South Bend, kumene ndinkagwira ntchito yosamalira odwala pachipatala cha pafupi ndi m'tauni. Mu 2017 anali ndi mwana mmodzi, mtsikana wa zaka zinayi, ndipo mpongozi wanga anali woyembekezera. Chaka chimenecho chinamuvuta. Mu Okutobala ankangokhalira pa foni kuonera chipwirikiti chimene chinabuka kwawo anthu atapita kukavota pa nkhani yofuna kudzilamulira okha, ndipo ndikamuimbira ankalankhula ngati munthu amene uthenga wa maliro wamupeza ali kutali. Kumayambiriro kwa Disembala magazi ake anayamba kuthamanga kwambiri, madokotala n'kumugoneka, amvekere satuluka mpaka mwana atabadwa.

"Amayi, amuadimita," anatero mwana wanga pa foni. "Ine masana ku ntchito, madzulo kuchipatala. Mwanayu mungakhale naye mpaka Khirisimasi?"

Limenelo silinali funso loti munthu n'kuliganizira. Tsiku langa lopuma ndinaliza galimoto yanga yokalamba ija n'kutsika ndi msewu wa 31. Ndinapeza atapakira kale zikwama za mwana. Titamaliza kulonga, mwana wanga anabwereranso m'nyumba n'kutuluka atanyamula chinthu m'manja mosamala. Chinali chipika cha mtengo, kutalika ngati mkono wanga, makungwa ake ali pomwepo. Kutsogolo chinali ndi timiyendo tiwiri ta timitengo, ndipo podulidwa paja anajambulapo nkhope yomwetulira. Kumutu chinavala kachipewa kofiira kopindika, kumbuyo atachifunditsa kabulangete ka mizeremizere. Mdzukulu wanga ankabwera pambuyo akulangiza bambo ake kuti asachigwedeze.

Tinadzera kuchipatala kukatsanzika. Ine ndi mpongozi wanga timalankhulana m'Chingerezi, kupatula moni ndi dzina loti Amama limene anaphunzira kunditchula. Ndinamupeza atatupa nkhope ndi manja, atamumanga malamba a makina pamimba. Sanataye nthawi ndi za matenda ake. Anandiuza kuti chipikacho chimadya madzulo aliwonse, manachesi kapena chilichonse chili m'nyumba, ndipo mwana ndiye amachiikira m'mbale n'kuchifunditsa kuti chisazizidwe. Ntchito yanga inali yoti m'mawa, mwana asanadzuke, chakudya chija chikhale chitatha, patsale makoko okha. Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi ndidzabwere nacho kuchipatala pamodzi ndi mwana. Anandigwira pamkono ndi zala zake zotupa zija, ati ndimulonjeze. Ndinalonjeza osafunsa zambiri. Ndinkaona ngati chidole, ndipo munthu wodwala sumufunsa mafunso ngati wapolisi.

Ku South Bend ndinali ndi mnzanga amene ndinkamutchula achemwali ngakhale sitinali pachibale. Anali a ku Ntcheu, ine wa ku Dedza. Anali aakulu kwa ine, ndipo anafika kuno ine ndisanabwere. Ndiwo anandichingamira ku eyapoti, ndiwo anandiphunzitsa kukwera basi ndi kuyenda pa sinowo osagwa, ndipo amuna anga atamwalira ndiwo anagona pansi m'nyumba mwanga mpaka thupi litanyamuka kupita kumudzi. Analinso apampando a gulu la amayi a kutchalitchi kwathu. Popeza iwo ankagwira mashifiti a usiku a kumapeto kwa sabata kunyumba yosungirako okalamba, tinagwirizana kuti masiku anga a ntchito azibwera kudzakhala ndi mwana.

Tsiku loyamba ndikuweruka ndinawapeza ataima pakhomo la pabalaza, chikwama chili kale paphewa. Pakona, pafupi ndi hita, mdzukulu wanga anali atagwada, akuika mbale ya manachesi patsogolo pa chipika, akuchilankhula motsitsa mawu m'chilankhulo cha mayi ake. Kenako anakoka kabulangete kaja n'kuchifunditsa bwinobwino. Achemwali anamufunsa kuti chimenecho n'chiyani. Mwana anayankha liwu limodzi, "Tiyo." Iwo anangomanga mpango n'kutuluka, tiyi amene ndinawathirira osamukhudza.

Atabweranso sanakhale n'kukhala komwe.

"Achemwali, ndafufuza," anatero. "Kuntchito kwathu kuli mtsikana wa ku Mexico, ndinamuaskako. Tiyo ndi malume. Mwanayu akudyetsa amalume awo a mayi ake. Inu mukuti chidole? Munthu wamoyo samuika pakona n'kumamupatsira chakudya pansi."

Kenako anafunsa kuti chakudyacho chimapita kuti. Ndinawauza kuti ndimadya ndine m'mawa. Apo m'pamene anakhala pansi, pampando wa pafupi ndi chitseko.

"Mukudya nsembe," anatero.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinaseka, koma sindinaseke. Tonse awiri tinakulira kumene anthu ankathira ufa ndi mowa patsinde pa mtengo kupepesa amene anatsogola, ndipo tonse awiri tinkadziwa kuti malume si munthu wamba. Ndi mwini mbumba. Akakwiya, ali moyo kapena atafa, anthu amayamba kuyang'ana mimba za ana a mlongo wake. Zinthu zinagwirizana mochititsa mantha: mtsikana ali m'chipatala ndi mimba yovuta, amalume ali m'bulangete pabalaza panga, ndipo iye anandigwira mkono kuti ndilonjeze. M'mawa mwake nachesi uja sindinamudye. Ndinamusenda, makoko n'kuwasiya m'mbale, zam'kati n'kukataya m'bini. Nkhope yomwetulira ija ndinkaizemba ndikamadutsa.

Achemwali ananena poyera kuti m'nyumba mwanga sapondamonso chinthucho chilipo. Ati Loweruka ndipite nacho kwawo kumsonkhano wa amayi, akachipempherere n'kuchiwotcha kuseri kwa nyumba, mwina mtsikana kuchipatala angapeze mpumulo. Sankanena mwankhanza. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akupulumutsa banja langa, ndipo n'chifukwa chake zinandivuta kuwayankha.

Ndinaimbira mwana wanga. Anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Amayi, ndi chipika basi, musastrese." Nditamufunsa za amalume, anati iye za mawuwo sadziwa, sanafunsepo. Zaka zonsezo akugona m'nyumba imodzi ndi chinthu chovala chipewa, osafunsa dzina lake limatanthauza chiyani. Ndinadula foni nditakwiya. Ndinali nditalonjeza munthu wodwala, ndipo lonjezo limenelo sindikanaliphwanya pa mawu a mtsikana wa ku Mexico amene sindinamuonepo. Koma sindikanapitirizanso kudya chinthu chimene sindikuchidziwa. Ndinatsimikiza kukafunsa mwini wake pamaso.

Tsiku langa lopuma lotsatira kunagwa sinowo wa kunyanja uja amatikwirira ife a ku South Bend anzathu akumwera ali pa dzuwa. Ndinachotsa sinowo pakhomo ndi fosholo, kumanga mwana pampando wake, n'kuyenda ngati nkhono mpaka titadutsa Plymouth, kumene msewu unayamba kuoneka. Njira yonse ndinkakonza mawu. Madokotala anali atanena kuti wodwalayo asamve zomukhumudwitsa, ndiye sindikanangolowa n'kunena kuti anzanga akuti mumapembedza mizimu.

Mwana ndinamusiya ndi bambo ake kumalo odyera, ine n'kulowa ndekha. Ndinayambira kutali, monga timachitira. Ndinafunsa za mayi ake kumudzi, za nyengo ya kumapiri, za abale a mayi ake kuti alipo angati. Kenako ndinafunsa mofatsa kuti amalume ake anamwalira liti. Anandiyang'ana modabwa. Ati mayi ake anabadwa ndi akazi okhaokha, ndipo mchimwene wa bambo ake ali moyo ndithu, anamuimbira dzulo lake kumudandaulira za bondo. Pamenepo njira yozungulira inandithera, ndipo ndinamuuza zonse monga zinalili.

Anaseka mpaka malamba a pamimba aja anasuntha, makina n'kuyamba kulira, nesi n'kusuzumira. Koma kusekako kunatha mwadzidzidzi, nkhope n'kuuma.

"Anakafunsa munthu wolankhula Chisipanishi," anatero. "Nthawi zonse zimatero, Amama. Anthu akafuna kudziwa mawu athu amakafunsa aneba."

Anandiuza kuti nditchere khutu, n'kutchula mawuwo kawiri. M'Chisipanishi mawu amakwera koyambirira, ndipo ndiye malume. M'Chikatalani amakwera kumapeto, ndipo ndi chipika, chikuni chachikulu choika pamoto, basi. Sanafunike kubwereza. Ife tili ndi mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika, ndipo palibe Mmalawi amene anapitapo ndi nkhwangwa kugolosale. Ndinamuuza zimenezo, ndipo anandichititsa kutchula mitengo iwiriyo mpaka naye atamva kusiyana kwake. Chipikacho, ati, ndi nthambi ya mtengo umene unagwa ndi mphepo kuseri kwa nyumba yawo ku Lawrence konkuno. Anadula ndi mwana wanga yemwe uja, nkhope anajambula ndi iye, ndipo kachipewa kokha ndi kamene kanachokera kwawo, anasoka ndi mayi ake.

Ndinafunsa kuti nanga kudyetsako n'kwa chiyani. Anati n'kuti chinenepe. Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi ana amatenga ndodo n'kumachimenya akuimba nyimbo yochilamula kuti chichite chimbudzi, ndipo akavundukula bulangete amapeza chachita maswiti ndi timphatso. Mawu a m'nyimbomo si oti kuchita chimbudzi ayi, ndi enieni aja sitiwatchula pamaso pa apongozi, ndipo iye anawamasulira osaphethira. Ndinagwira pakamwa. Ndinayenda ulendo wonse uja pa sinowo ndikuopa mizimu, n'kudzapeza kuti nkhani yake ndi ya kubiba.

Kenako anandiuza chifukwa chimene anandigwirira mkono. Agogo ake aakazi ankamenyedwa m'manja kusukulu akalankhula Chikatalani, nthawi imene boma silinkafuna kuchimva pagulu. Koma Khirisimasi ikafika ankatseka zitseko, ana n'kumenya chipika akuimba m'chilankhulo chawo mokweza mmene angathere. Tsopano iye ali kuno, mwana wake amamva zonse koma amayankha m'Chingerezi, monga amachitiranso ine ndikamulankhula Chichewa. Chaka chathacho anamunamiza kuti chipika sichimva Chingerezi. Kuyambira pamenepo, malo okhawo amene mwanayo amatsegula pakamwa m'Chikatalani ndi patsogolo pa chipikacho.

"Ndikapanda kutuluka muno, Amama," anatero, "adzamulankhula ndani?"

Ndinamukalipira kuti asamalankhule zopusa, atuluka ndi miyendo yake. Koma ndimagwira ntchito m'chipatala, ndinaona manambala pa makina aja, ndipo ndinadziwa kuti mantha ake sanali opanda pake. Ndinamuuza kuti chipika chake chidya mpaka tsiku lake likwane, wina afune asafune.

Loweruka ndinapita kumsonkhano wa amayi chimanjamanja, mwana yekha ali kudzanja. Kuseri kwa nyumba ya achemwali ndinaona mbaula yowotchera nyama atayichotsa sinowo, nkhuni zili pambali. Ana atapita kuchipinda chapansi kukaonera katuni, ndinapempha kulankhula. Ndinafotokoza za mawu awiri aja, ndinapereka chitsanzo cha mtengo, ndinawauza kuti amalume athuwo kwawo ndi ku Lawrence ndipo anawadula ndi mwana wanga. Nditafika pa kubiba amayi ena anagwa n'kuseka, wina mpaka kutaya tiyi pa siketi. Ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Achemwali sanaseke. Anadikira phokoso lithe, n'kunena kuti dzina lilibe kanthu. Chinthu chili ndi nkhope, chikupatsidwa chakudya, mwana wobatizidwa akuchigwadira n'kumachiyembekeza kuti chimupatse mphatso, chimenecho iwo amachidziwa dzina lake m'chilankhulo chilichonse. Ine magazi anandikwera. Ndinaloza mtengo wa Khirisimasi umene unali ukuthwanima pakona pawo, n'kufunsa kuti nanga uwu wavala mikanda ndi nyenyeziwu uli pa vesi iti.

"Umenewo sitiupatsa chakudya," anayankha.

Mpaka lero yankho lake ndilibe. Chimene ndinali nacho ndi nkhope yotupa ija ndi mawu amene ndinapereka. Ndinawauza kuti ine mtima wanga uli mbee pamaso pa Mulungu, ndikudziwa chimene chili m'nyumba mwanga, ndipo sichituluka.

"Ndiye mwasankha chipika kusiya ife."

"Sindinasiye munthu, achemwali. Koma ndinalonjeza mwana wa eni ake ali pabedi la chipatala, ndipo sindikamuuza kuti tawotcha."

Mapemphero a Khirisimasi a amayi, amene chaka chimenecho anayenera kuchitikira kwanga, anawasamutsira kunyumba ina tsiku lomwelo. Za kukhala ndi mwana sitinazitchulenso. Lolemba ndinapita kwa abwana anga kukatenga masiku onse a tchuthi amene ndinkasungira ulendo wa kumudzi. Kutchalitchi achemwali ankandipatsa moni wa nsonga za zala, maso ali kwina. Nkhani inayenda mwamsanga kuposa galimoto yanga. Sabata isanathe mng'ono wanga ku Lilongwe ananditumizira uthenga pa foni kufunsa ngati n'zoona kuti ndikusunga kafano kovala chipewa. Ndinamutumizira chithunzi chake n'kumuuza kuti akakapatse moni.

Ndinkachita nthabwala, koma zinandipweteka kwambiri. Munthu amene anagona pansi m'nyumba mwanga pa maliro a amuna anga ankawoloka msewu wa pamalo oimika magalimoto kuti tisakumane. Kangapo ndinatenga foni kuti ndiwaimbire, n'kuibwezanso, chifukwa ndinkadziwa chimene akanafunsa poyamba. Zaka zadutsa, timalankhulana, pa maliro timakhala mphasa imodzi, koma m'nyumba mwanga sanapondemonso.

Chipika chinapitiriza kudya. Mdzukulu wanga anaganiza kuti manachesi achikola, ndiye tinayamba kuchipatsa mandasi, tsiku lina zitumbuwa, tsiku lina mpunga wa nyemba umene iye mwini anaukana. Zonsezo zinkathera mwa ine m'mawa ndili chiimire m'khitchini, mwakuti amene ananenepa ndi ine, chipika chili chomwecho. Mwana ankachiyeza ndi manja n'kunditsimikizira kuti chakula. Madzulo akachifunditsa ankachiimbira nyimbo ija motsitsa, ati chizolowere, ndipo ine ndinkamvetsera ndikutsuka mbale. Ndinaimba kwaya kuyambira ndili mtsikana, nyimbo ikangodutsa m'khutu mwanga kangapo imakhala. Mawu ake sindinkawadziwa poyambira ndi pothera, ndinkangowameza onse pamodzi.

Kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, mwana wanga anaimba foni. Zinthu zinafika poipa ndipo madokotala anathamangitsira mkazi wake ku opaleshoni. Khanda linabadwa, lamwamuna, laling'ono kwambiri, n'kuliika m'kabokosi ka galasi kofunditsira ana obadwa masiku asanakwane. Mayi ake anataya magazi ambiri ndipo mankhwala amene ankamupatsa ankamufooketsa. Mwana wanga anati mwina za chipika tizisiye chaka chino, wodwalayo sangathe n'kudzuka komwe. Ndinamufunsa ngati mkazi wake ndiye wanena zimenezo. Anati ayi. Ndinamuuza kuti akagule maswiti.

Tinafika kuchipatala masana a tsiku loti mawa ndi Khirisimasi. Pamalo oimika magalimoto ndinazindikira kuti manja andichepera: chikwama cha mwana, chakudya cha bambo ake, dzanja la mwanayo, ndi chipika. Ndinatulutsa chitenje m'galimoto, kuwerama, kuchiika kumsana n'kumanga pachifuwa. Ndinalowa choncho m'chipatala, kachipewa kofiira kakusuzumira paphewa panga. Mlonda wa pakhomo anamwetulira n'kuzungulira kuti aone khanda, ndipo ataona nkhope ija anangobwerera pamalo pake. Ndodo sindikanalowa nazo za kutchire m'chipinda cha wodwala, ndiye m'chikwama ndinali nditaikamo mithiko iwiri yotsuka bwino.

Mpongozi wanga anali chigonere, diripi kudzanja, milomo itauma. Ataona ndikumasula chitenje, maso ake anayenda kuchoka pa chipika kufika pa ine. Tinachiika pansi pamene akanatha kuchiona osadzutsa mutu. Mwambo wake ndi woti ana amatuluka kaye kukapemphera kuti akuluakulu apeze mpata, ndiye ndinatenga mdzukulu wanga kupita naye pakhonde la wodi, bambo ake n'kutsala akulowetsa maswiti pansi pa bulangete. Tinagwada pafupi ndi zenera. Iye anapempha Mulungu m'Chingerezi kuti chipika chichite zambiri. Ine ndinapempherera mayi ake ndi kakhanda kaja m'Chichewa, ndipo achemwali ndinawatchulanso.

Titalowa ndinamupatsa mthiko. Anaukweza, kuyamba mzere woyamba, kenako anayang'ana pabedi. Ndikuganiza kuti m'pamene anaona bwinobwino machubu aja ndi mmene mayi ake analili. Mawu anazima, mthiko n'kutsika. Mayi ake anayesa kumuyambitsira koma panangotuluka mpweya. Bambo ake anaima ngati mlendo, nyimbo ya m'nyumba mwake momwe osaidziwa. 

Sindinadye mandasi ozizira m'mawa uliwonse ndi kutaya mnzanga kuti zithere pamenepo. Ndinatenga mthiko wachiwiri, kugwada pansi ndi maondo anga okalambawa, kumenya chipika n'kuyamba kuimba ndi mawu anga onse a kwaya. Ndinaimba Chikatalani cha ku Dedza, lilime likutchula mwa kwathu, mawu oipa aja ndikuwatchula momveka bwino, ine mayi wa mumpingo, pamaso pa mwana wanga ndi mpongozi wanga.

Sindinafike patali. Mdzukulu wanga anandigwira dzanja, misozi ili m'masaya koma nkhope itakwiya. Anandiuza kuti ndikulakwitsa, ndipo sanandiuze m'Chingerezi. Anatchula liwu lina pang'onopang'ono, akundiyang'ana pakamwa, kuti ndibwereze. Ndinabwereza, n'kulakwitsanso. Anapukusa mutu ngati mayi ake pa tsiku la ukwati, kundikankhira pambali, n'kuyamba yekha kuchokera pachiyambi. Anaimba yonse mpaka kumapeto akumenya ndi manja awiri, makungwa akuthothokera pansi pa chipatala cha eni ake, ine ndikuthandiza ndi mthiko wokha.

Atavundukula bulangete anakuwa. Anatola maswiti odzaza manja, kuthamangira pabedi, n'kuwathira pachifuwa pa mayi ake. Kenako anakwera pampando, kuika chigongono papilo, n'kuyamba kufotokoza. Ndinamva akutchula mandasi, ndinamva akutchula Agogo, zina zonse zinali m'chilankhulo chawo, mawu ambirimbiri osapuma, akuloza chipika, akuloza ine. Mpongozi wanga anatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu, akuyankha ndi mutu wokha kuti mwanayo asasiye.

Mwana wanga anandinong'oneza kuti kodi akuti chiyani. Ndinamuuza kuti akhale chete, akulankhula ndi mayi ake. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuyamba kutola makungwa m'chitenje nesi asanabwere.